Masitampa a Global Forever: ndigule ambiri kapena n'kungotaya ndalama?

NaPhiri, South Bend: Abale, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna kutumiza makhadi a Khirisimasi kwathu, ku Ntcheu ndi ku Zomba. Komanso agogo za WhatsApp safuna n'kumva komwe, amati kalata yeniyeni ndi yogwira m'manja, mdzukulu n'kumawawerengera. Ku positi kuno ku America andionetsa masitampa ozungulira aja a Global Forever, otumizira makalata kunja kwa dziko, amakhala 10 pa pepala limodzi. Ndikuganiza zogula 30 nthawi imodzi. Alipo amawagwiritsa ntchito muno?

Bambo a Chisomo: Gulani achemwali, musazengereze. Sitampa imodzi imafikitsa kalata dziko lililonse, kaya Malawi, kaya Joni, kaya Mangalande, bola isapitirire ounce imodzi, omwe ndi magalamu 28. Ubwino wake siguga. Mukagula lero, mtengo n'kukwera chaka chamawa, yanuyo imagwirabe ntchito osawonjezera kanthu. Itangoyamba mu 2013 inali $1.10, mu Julaye 2025 inafika $1.70.

Mngoni wa ku Dallas: Ndiye phindu lakelo ndi limeneli? Masenti 60 pa zaka 12? Kukwera kwa mu 2025, kochokera pa $1.65 kufika pa $1.70, kunali masenti 5 basi. Pa masitampa 30 mwapulumutsa $1.50, koma mwatsekera $51 mudilowa. Ndalama imeneyo itumizeni kwathu, agogo agulire sopo ndi shuga.

NaPhiri, South Bend: Achimwene, ndalama timatumiza mwezi ndi mwezi. Nkhani pano ndi ya kalata.

Mayi a Tadala: Ine ndikuona kuti nonse mukukangana pa mtengo, pamene chovuta ndi kulemera. Sitampa ija imalipira ounce yoyamba yokha. Mapepala wamba anayi ndi envulopu yake, mwafika kale pamalire. Tsono ife Amalawi timatumiza kalata yokhayokha? Muikemo zithunzi za ana pa graduation, kakhadi kolimba konyezimira, kapepala ka moni wa kwa azakhali, basi mwadutsa. Ikadutsa, mtengo wowonjezera umatengera gulu limene dzikolo analiikamo, ndiye simungangoyerekeza muli kunyumba.

Chinanso ndi maonekedwe a envulopu. Makhadi ofanana mbali zonse zinayi, kapena olimba osapindika, kapena okhala ndi kariboni kotukuka, makina awo sawasankha bwino ndipo amalipiritsa ndalama yapadera. Posankha khadi m'sitolo tengani lamakona wamba, lopyapyala.

Bambo a Chisomo: Apa mwanena zoona mayi. Ine ndimayeza pa sikelo ya kukhitchini, ya digito ija madamu amayezera ufa wa mandasi. Ikaonetsa 26 kapena 27 ndimamata imodzi n'kuponya m'bokosi la buluu la positi. Ikafika 28 sindichita makani, ndimapita pa kauntala akandiyezere okha.

Kamnyamata ka ku Seattle: Bwanji osangomata Forever wamba, a mbendera aja otumizira makalata mkati mwa America? Ndili nawo ambiri.

Mayi a Tadala: Amaloledwa, koma werengera mwana wanga. Pamene Global inali $1.70, wamba anali masenti 78. Awiri ndi $1.56, aperewera ndi masenti 14, ndipo kalata ikhoza kukubwerera. Atatu ndi $2.34, wapereka masenti 64 aulere. Pa kalata imodzi palibe vuto, koma pa makhadi 20 ndi ndalama ndithu.

Kamnyamata ka ku Seattle: Chabwino. Koma pa Facebook ndaonapo akugulitsa masitampa pa theka la mtengo.

Mngoni wa ku Dallas: Amenewo ndi achinyengo, usayerekeze. Sitampa gula ku positi kapena pa webusaiti ya USPS, bungwe la positi la kuno ku America. Kuyambira 2023 lamulo lawo limati katundu wopezeka ndi sitampa yabodza akhoza kutengedwa ngati wotayidwa. Iwe uzidikira kuti agogo ayimba foni yothokoza, chonsecho kalata sinatuluke n'komwe mu Seattle.

NaBanda, Maryland: Ndiwonjezereko ziwiri. Kalata ya sitampa imeneyi ilibe nambala yoilondolera, ndipo ndi ya mapepala okha. Musaikemo ndolo, memory card kapena ndalama. Satifiketi, mapepala a malo, zakubanki, zimenezo tumizani pa DHL kapena mupatsire munthu wodalirika amene akupita.

Chachiwiri, adiresi. Kwathu makalata ambiri amafikira mu P.O. Box kapena Private Bag, nthawi zambiri ya sukulu kapena ya tchalitchi. Yanga ina inafika bwinobwino koma inagona m'bokosi mpaka Isitala, chifukwa wosunga kiyi anali atapita kumudzi kukakolola. Lembani dzina lonse la wolandira, MALAWI m'zilembo zikuluzikulu pamzere womaliza, ndipo mukatumiza muwaimbire kuti azikasuzumira.

NaPhiri, South Bend: Zikomo nonse. Ndigula mapepala awiri, masitampa 20, a makhadi okha. Ya agogo imakhala yonenepa ndi zithunzi, ndiye ndizikayezetsa pa kauntala. Mayi a Tadala, kuti afike Khirisimasi isanakwane nditumize liti?

Mayi a Tadala: Novembala akangoyamba. Mukadikira Thanksgiving, chikondwerero cha kumapeto kwa Novembala, akawerenga mu Januwale.

Mngoni wa ku Dallas: Akatsala awiri munditumizireko, apongozi anga ku Dedza akhala akudandaula.