Atikana thandizo la ndalama la olumala pomwe kalata ya dokotala inalipo, tinalakwitsa pati?

Mayi wa anyamata atatu:

Moni nonse. Ndine mlendo pano, mundikhululukire ngati funsoli munaliyankha kale.

Bambo a kunyumba anadwala sitiroko miyezi isanu yapitayo. Ali ndi zaka 47, ntchito yawo ndi ya ukalipentala, ndipo dzanja limene lafa ndi lamanja, lomwe ankagwirira sowo ndi hamala. Amayenda ndi ndodo, mwendo uku akukoka. Mabatani a malaya ndimawamangira ndine.

Tinakalembetsa thandizo la ndalama limene boma limapereka kwa anthu olumala, kalata ya kuchipatala ili m'manja, yodinda bwinobwino, yonena kuti anadwala sitiroko. Tsiku lokawayeza, wofunsayo anati, "Mumatha kuvala nokha?" Bambowa, ndi manyazi awo aja, anati, "Eya, ndimayesetsa." Ine pampando duu, kuopa kuwatsutsa pamaso pa mlendo. Sabata yatha kwabwera kalata yoti sakuyenera kulandira.

Ndiye ngati munthu wafa dzanja sakuwerengedwa wolumala, wolumala ndi ndani? Nanga pali kubwererakonso?

Wodzaza mafomu:

Pepani kwambiri mayi. Simunatchule dziko limene muli, ndipo malamulowa amasiyana dziko ndi dziko, koma mtima wake ndi umodzi. Ofesi yopereka ndalama sifunsa dzina la matenda. Imafunsa zimene matendawo akumulepheretsa munthu kuchita. Anthu awiri angadwale sitiroko tsiku limodzi, wina n'kubwerera kuntchito patatha mwezi, wina osadzukanso pamphasa. Kalata yongoti "sitiroko" siuza ofesi kuti bambowa ali mbali iti. Ndikukayikira kuti panagona vuto ndi pomwepa.

China ndi nthawi. Ku America, thandizo la boma la olumala lotchedwa SSI limafuna kuti vutolo likhale loti latha kapena litha miyezi 12, kapena loti lingathe kupha munthu. Ku Britain, pa thandizo la olumala lotchedwa PIP amafuna kuti munthu akhale atavutika kale miyezi itatu, ndipo zikuoneka kuti avutikabe miyezi ina 9. Choncho ngati dokotala sanalembe kuti dzanjalo likhala chonchi mpaka liti, wowerenga fomu amangoganiza kuti ndi mafizo lichira.

Onaninso ngati sanakukanireni chifukwa cha chuma. Anthu ambiri amalira kuti ofesi sinakhulupirire matenda awo, pomwe inakhulupirira ndithu koma inawakana chifukwa cha ndalama zolowa pakhomo. Pa SSI paja munthu mmodzi sayenera kukhala ndi chuma choposa madola 2,000, okwatirana 3,000, osawerengera nyumba imene akukhalamo ndi galimoto imodzi. Malipiro a mkazi kapena mwamuna wake amawerengedwanso. Werenganinso kalatayo modekha, chifukwa chokanira chimalembedwa penapake, nthawi zambiri m'malemba ang'onoang'ono.

Ali ku Joni:

Ngati muli ku South Africa, SASSA, nthambi ya boma yopereka ndalama zothandizira anthu, imapereka thandizo la olumala kwa azaka 18 mpaka 59, nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika, kapena othawa kwawo ovomerezeka. Lipoti la dokotala lisapitirire miyezi itatu chililembereni. Pali thandizo la kanthawi, la vuto lotha miyezi 6 mpaka 12, ndi lokhalitsa, la vuto lopitirira chaka. Lokhalitsalo musalimve ngati la moyo wonse, amatha kukuitanani kudzayezanso. Apilo ndi masiku 90. Kwina nthawi ndi yochepa: SSI masiku 60, ku Britain mwezi umodzi wokha wopempha kuti aunikenso. Onani deti la pakalata lero lomwe, musadikire Lolemba.

Wandodo ziwiri:

Mayi, ine ndilankhula za "ndimayesetsa" uja, chifukwa mawu amenewo anandidyera chaka chathunthu.

Ndinavulala msana. Ulendo woyamba wokayezedwa ndinadzuka kusanache, n'kusamba, n'kumwa mankhwala opha ululu awiri, n'kuvala jekete yanga yabwino. Ndinkafuna andione ngati munthu. Atandifunsa ngati ndimayenda, ndinati ndimayenda. Sindinanene kuti ndikayenda kukafika pageti ndimagona tsiku lonse lotsatira. Iwo analemba zimene ndinawauza, ndipo sindingawanene kuti ananama.

Mwamuna amene wakhala akudyetsa banja ndi manja ake, kumuuza kuti anene pagulu kuti mabatani amamumangira mkazi, n'chimodzimodzi kumuvula. Ndikuwamvetsa bambowo. Koma funso lakuti "mumatha?" lili ndi mafunso ena m'kati mwake. Malamulo a PIP amachita kutchula: kodi mumachita popanda ngozi, mumachita bwino, mungabwereze nthawi iliyonse imene pakufunika, ndipo sizikutengerani nthawi yopitirira kawiri ya munthu wabwinobwino? Amayang'ananso mmene zimakhalira masiku ambiri, osati tsiku limene mwadzuka bwino. Ngakhale kumene malamulo sanalembe choncho, yankhani ngati kuti analemba. Munthu wovala malaya kwa theka la ola, mabatani n'kusiyira wina, sakuvala yekha ameneyo.

Gulani kope. Tsiku lililonse lembani: lero agwetsa kapu, lero ndawasambitsa, lero ayesa kugwira hamala yagwa. Kopelo mupite nalo kwa dokotala ndi kwa wa mafizo, muwapemphe alembe zimene dzanjalo likulephera, osati dzina la matenda lokha.

Konzekeraninso funso ili, limapweteka: "Ukalipentala sangathe, nanga ntchito ina yokhala pansi?" Kumene thandizo limaperekedwa chifukwa cholephera kugwira ntchito, sayang'ana ntchito yakale yokha. Amaona zaka, sukulu ndi luso la munthu. Ngati sitirokoyo inakhudzanso kulankhula kapena kukumbukira, zimenezo zilembedwe, musazibise.

Mayi wa anyamata atatu:

Zikomo nonse. Ndaitulutsa kalata ija pansi pa matilesi pomwe ndinaiponya ndi mkwiyo. Za chuma palibe. Alemba kuti umboni wa kuchipatala sukusonyeza kuti vutoli ndi lokhalitsa, komanso kuti mwiniwake ananena kuti amadzisamalira yekha. Masiku a apilo akadalipo, ngakhale asanu ndi atatu ndataya kale.

Za kulankhulazo mwandikumbutsa. Mawu ena amawasowa, mwana wathu wachiwiri amamuitana dzina la woyamba, ndipo sitinauzepo aliyense.

Usiku ndinawawerengera zimene mwalemba inu a Wandodo ziwiri. Sanayankhe, anangotembenukira kukhoma. M'mawa uno ndikuwamanga mabatani anati, "Kope lija ukagule, koma anyamatawa asaliwerenge." Lachinayi tili ndi tsiku kwa wa mafizo. Kodi lipotilo angalembe iyeyo, kapena mpaka dokotala amene anawagoneka?