Filimu yanthabwala ya adani a ku sekondale okumananso atakula: tiimange bwanji kuti iseketse?

Chimwemwe_Chibavi

Moni nonse. Gulu lathu la zisudzo kuno ku Mzuzu likufuna kujambula filimu yanthabwala ya mphindi 85. Nkhani yake ndi ya amuna awiri omwe ankadana ku sekondale yogonera komweko. Adalemba MSCE mu 2003, pano akumananso pa gulu la WhatsApp la ophunzira akale ndipo chidani chija chaphukanso. Tawerengera anthu masamba 30 oyamba a sewero lomwe talemba koma palibe waseka, akuti ndi madoda awiri ongotukwanana basi. Chidani chakalecho tichimange bwanji? Za kusukuluzo tizionetse ndi anyamata ovala yunifolomu, kapena zizingotchulidwa pakamwa? Nanga pojambula mu mzinda muno tisamale chiyani? Tili ndi kamera imodzi, maikolofoni awiri ndi masiku 20.

NyaKatoto

Achimwene, masamba anu 30 aja akudwala matenda amodzi: anthu anuwo akukanganirana zakale zokhazokha. Zakale sizisintha, ndiye woonera alibe chodikira. Pakhale chinthu cha lero chomwe onse awiri akuchifuna koma chingapite kwa mmodzi yekha. Gulu la ophunzira akale lili nacho kale chinthu chimenecho, mpando wa wapampando wa komiti yosonkhetsa ndalama zokonzera hositelo. Pofika tsamba 10 woonera adziwe tsiku la chisankho, ndipo adziwenso chomwe aliyense ataye akagonja.

Gwero la chidani likhale laling'ono ndiponso logwirika ndi manja. Botolo la chiponde lomwe lidasowa m'sutikesi. Nthuli ya nyama yomwe pulifekiti wa ku dayiningi adachotsa m'mbale ya mnzake tsiku lokhalo la nyama, masiku ena onse kuli nyemba zofumbwa. Gawo la mfumu m'sewero la mpikisano wa ATEM (mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa sukulu za sekondale) lomwe lidapatsidwa kwa wina kutatsala tsiku limodzi. Chosekesa ndi kuona bambo wa zaka 41, wa ana atatu, ali mu suti, akunjenjemera milomo chifukwa cha nthuli ya zaka 20 zapitazo. Mukasankha chinthu cholemera, monga kumenya mwana wa Fomu 1 mpaka kuvulala kapena kuchotsetsa munthu sukulu, anthu amva chisoni ndipo akhala chete. Ena mwa oonera anu adazunzidwapo ali Fomu 1 ndipo mwina bala limenelo silinapole, choncho musaliseweretse.

Kenako tembenuzani maudindo. Yemwe adakhoza ndi mapoyinti 9 akhale akuthawa eni katapila, akudutsa njira za kuseri ku Chiputula. Yemwe adapeza 38 akhale ndi maminibasi atatu pa msewu wa ku Nkhata Bay. Koma musalekere pomwepo, chifukwa nkhani ya wanzeru wosauka ndi mbuli yolemera anthu adaiona kambirimbiri. Aliyense asowe mnzake mobisa. Wa maminibasi sangathe kulemba zokalankhula pamaso pa anthu, wa mapoyinti 9 alibe K50,000 yolembetsera kupikisana. Mmodzi azilembera mnzake mawu osadziwa kuti akulembera mdani wake, winayo azikongoza ndalama kudzera mwa mlamu osadziwa kuti zikupita kwa yani. Zikaululika pa tsamba 60, holo yonse idzagwa ndi phwete.

Dzina lachipongwe la kusukulu ndi chuma chanu, musalimwaze. Limveke katatu kokha: koyamba monong'ona, kachiwiri pa WhatsApp, kachitatu pa chimkuzamawu pamaso pa apongozi ndi abusa.

Chomaliza ndi cha osewera. Asakwinye nkhope kapena kuyenda mopotoka pofuna kuseketsa. Kwa iwo nthuliyo ndi mlandu weniweni, ausewere ngati mlandu wa malo. Woseka akhale woonera.

Madala_aLuwinga

Mayi a ku Katoto ayala bwino. Ine ndiyankhe funso lachiwiri. Za kusukulu zionetseni, koma katatu kokha, gawo lililonse lisapitirire mphindi ziwiri, ndipo katatu konseko chikhale chochitika chimodzimodzi cha ku dayiningi kuja. Koyamba monga akukumbukira wolandidwa nthuli uja: iye wowonda, waulemu, pulifekiti ndi chimphona, nthuli yaikulu ngati njerwa. Kachiwiri monga akukumbukira pulifekiti: iye akungosunga mwambo, mnyamatayo adalowerera mzere, nthuliyo ndi fupa chabe. Kachitatu monga adaonera mayi wophika yemwe pano ndi nkhalamba, ndipo ziwoneke kuti nyamayo adadya munthu wachitatu, yemwe lero ndi msungichuma wa komiti ndipo wakhala akuwayanjanitsa filimu yonse. Ubwino wake ndi woti mumajambula zonse tsiku limodzi, malo amodzi, anyamata omwewo, kungosintha nthuli ndi poika kamera. Wofuna kuoneka chimphona mumujambule kamera ili m'munsi mwa chifuwa chake, wofuna kuoneka wamng'ono mumujambule kuchokera pamwamba pang'ono.

Samalani kuti 2003 ikhaledi 2003. Ndalama ya pepala ya K1,000 idabwera mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022, ndiye isaoneke m'manja mwa mwana wa sukulu. Foni zopalasa kunalibe, ngati pali foni ikhale ya mabatani ngati Nokia 3310, ndipo ikhale ya aphunzitsi. Nyimbo za disiko ya Loweruka zinkachokera m'makaseti. Nthawi imeneyo chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, mayeso a Fomu 4 nkumalembedwa chakumapeto kwa chaka kukutentha, osati m'miyezi yozizira ngati lero. Musawaveke majuzi pa gawo la mayeso. Yang'ananinso madenga, masola ndi madishi a wailesi yakanema amalowa m'chithunzi mwakachetechete.

Sukuluyo muipatse dzina lopeka, baji yopeka ndi mtundu wa yunifolomu womwe suli wa sukulu iliyonse ya muno. Mzuzu ndi waung'ono. Mukaika mtundu wodziwika, ophunzira akale a sukuluyo adzati mukunena iwo, ndipo mphunzitsi wina wopuma adzadziona mwa ahedi anu. Pemphani malo kwa ahedi mwa kalata, mujambule pa holide ya mu Ogasiti. Anyamata osewera musankhe a zaka 19 kapena 20 ooneka aang'ono, ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu) ndi m'makoleji ena alipo ambiri. Wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cholemba cha makolo. Kufanana nkhope ndi wamkulu uja si kofunika kwenikweni. Chofunika ndi chizolowezi chimodzi chomwe onse awiri azichita, monga kukanda khutu akamanama, woonera awazindikira pompo.

Kabaza_Sound

Mafilimu athu ambiri anthabwala amafera pa mawu. Chithunzi chikhoza kuda pang'ono anthu nkupirira, koma liwu lomaliza la nthabwala likamezedwa ndi njinga yamoto, basi yatha.

Mvula ya kuno imachedwa kutha, imafika mu Epulo mwinanso Meyi, ndipo mu Juni ndi Julayi kumakhala kamvula kowaza ndi chifunga cha m'mawa. Pansi pa malata opanda siling'i ngakhale kamvula kochepa kamamveka ngati mukukazinga chimanga. Ogasiti ndi Sepitembala ndiye miyezi yabwino, ngakhale kuli mphepo, choncho maikolofoni ya pa ndodo ikhale yovekedwa ubweya wake. Malo aliwonse mukawayendere pa ola lomwe mudzajambule, muime mphindi zisanu mutatseka maso. Mudzamva chigayo, makina owotcherera zitsulo, kwaya ya mpingo ikuyeserera, agalu. Pafupi ndi depoti, msika waukulu ndi msika wa Taifa jambulani zongoyenda zopanda mawu, zokambirana mukazitengere kwina.

Maikolofoni yaing'ono ya pa malaya ikhale masentimita 20 kuchokera pa chibwano, waya mumumate ndi tepi kuti asakhulane ndi nsalu. Pa makina ojambulira mawu sankhani 48 kHz, ndipo pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu azigunda pa -12 dB. Pa magawo okangana tsitsani afike pa -18, chifukwa wosewera akapsa mtima amakuwa kuposa mmene anachitira poyeserera ndipo mawu osweka sakonzeka. Musanayambe, wina awombe m'manja pamaso pa kamera kuti polumikiza mawu ndi chithunzi musavutike. Mukamaliza gawo, onse akhale chete masekondi 30 mujambule phokoso la chipindacho, lidzatseka mipata podula filimu pa kompyuta.

Kamera ikhale pa 25 fps (zithunzi 25 pa sekondi), shutter (nthawi yomwe chithunzi chilichonse chimalandira kuwala) pa 1/50 ya sekondi. Magetsi athu ndi a 50 Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi), mukasiya pa 30 fps mababu a m'holo aziphethira m'chithunzi. Popeza kamera ndi imodzi, gawo lililonse yambani ndi chithunzi chotakata choonetsa onse awiri kuyambira poyamba mpaka pothera. Nthabwala imakoma woonera akamaona woyankhula ndi wolasidwa nthawi imodzi. Mukatero tengani nkhope ya womvera payokha, masekondi 10 asakuyankhula kanthu. Nthawi zambiri anthu amasekera nkhope imeneyo, osati mawu. Kamera isadumphe mzere wongoganizira wolumikiza anthu awiriwo, ikadumpha onse aziwoneka ngati akuyang'ana mbali imodzi ndipo mkangano umafa.

Masamba 85 m'masiku 18 ndi masamba pafupifupi 5 pa tsiku, masiku awiri otsalawo musunge a zobwereza. Cha m'ma 5:30 madzulo kuwala kumakhala kukutha, zapanja muzimalize isanakwane 5. Mukajambula pa 100 Mbps (muyeso wa malo omwe kanema amadya pa sekondi), ola limodzi limadya 45 GB, maola 12 ndi 540 GB. Gulani ma hard drive (zosungiramo kanema) awiri a 1 TB, mukopere monse muwiri usiku uliwonse, ndipo azigona nyumba zosiyana. Mabatire akhale anayi odzadza, magetsi akazima jenereta ikhale patali mamita 30 kuseri kwa khoma.

Chimwemwe_Chibavi

Zikomo nonse, zandigwira mtima, makamaka za msungichuma uja. Ndafunsanso ziwiri. Mauthenga a pa WhatsApp tiwaonetse bwanji? Ndipo phwando lomaliza la ophunzira akale timafuna likachitikire ku nyanja, kodi nzotheka?

NyaKatoto

Foni musaijambule ndi kamera, imanyezimira ndipo zilembo sizioneka kwa woonera filimu pa foni yakenso. Mauthenga muwalembe pa kompyuta podula, atuluke pambali pa nkhope ya wowerenga, mzere umodzi kapena iwiri, akhalepo masekondi atatu kapena anayi. Koposa apo gwiritsani mauthenga a mawu. Bambo akujambula uthenga waukali atabisala m'bafa, akunong'ona kuti mkazi wake asamve, nkuufufuta, nkuyambiranso kanayi, ndi sewero lokwanira palokha. Mphamvu ya adimini yochotsa munthu pa gulu muisunge mpaka pakati pa filimu, ikadzagwa idzamveke ngati chigamulo cha bwalo. Manambala a foni ooneka pa chithunzi akhale opeka.

Chiyankhulo musachiwongole. Ku sukulu yogonera komweko kunkakumana a ku Karonga, a ku Nkhata Bay, a ku Mzimba ndi ochokera ku Lilongwe. Munthu woyankhula Chichewa chaulemu pa msonkhano, mtima ukamuwawa nkugwera m'Chitumbuka, amaseketsa popanda kulemba nthabwala ina. Muike mawu omasulira pansi, koma atuluke pamodzi ndi liwu lomaliza, asatsogole, apo ayi anthu aseka wosewera asanamalize. Mitundu ya anthu isakhale chosekedwa, osekedwa ndi madoda awiriwa.

Za ku nyanja, Nkhata Bay ili pafupifupi makilomita 50 kuchokera muno. Kunyamula anthu 40, kuwadyetsa ndi kulimbana ndi phokoso la mafunde kudzakudyerani masiku atatu. Phwandolo libwerere m'dayiningi momwe mudayambira mlandu, mabenchi omwewo, mayi wophika yemweyo atanyamula chipande. Anthu 25 amadzaza holo ngati muwasuntha malinga ndi komwe kamera yayang'ana, koma wina azijambula pa foni matebulo onse gawo lisanayambe, kuti mabotolo ndi mbale zibwerere pomwe zinali.

Nyimbo za oimba ena musangoziika, pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, kapena mugwirizane ndi woimba wa konkuno mwa kalata akupekereni zanu. Filimu isanaonetsedwe pagulu iyenera kudutsa ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, musalengeze tsiku musanatenge chikalata chawo. Mukadula koyamba, itanani anthu 20 osakudziwani, ena a zaka za m'ma 40, ena achinyamata. Wina akhale kumbuyo ndi wotchi, azilemba miniti iliyonse yomwe anthu aseka. Pomwe padutsa mphindi zinayi kuli zii, bwererani pa kompyuta mukadule.