Chainsaw yaing'ono ya 38cc: ndiyambire pati kuti iwonjezere mphamvu?

Mdulankhuni

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Chainsaw yanga ndi ya 38cc, bar (chitsulo chimene tcheni chimazungulirapo) ya masentimita 40, tcheni cha 3/8 chija chamano ang'onoang'ono. Sivuta kuliza, koma ikalowa m'chipika cholimba chonenepa kupitirira masentimita 25 imafooka, ndikangokanikiza pang'ono tcheni n'kuima. Ena akuti ndiboole ekizozi, ena akuti ndichotse gasiketi yapansi pa silinda, enanso akuti ndikuze mabowo a m'silinda. Pa zitatuzi chopindulitsa ndi chiti, ndipo miyezo yake ndi yotani? Sindikufuna yampikisano ayi, ndikufuna yoti izigwira ntchito tsiku lonse osapsa.

Waspanala

Achimwene, zitatuzo ziyambe zadikira. Injini yodwala mukaiwonjezera mpweya mumangoifulumizitsa kufa, ndiye yambani mwatsimikiza kuti ili bwino.

Yezani kompuresheni (mphamvu yopanikizira mpweya m'silinda) injini ili yozizira, kokani chingwe mpaka singano ya geji itasiya kukwera. Ikafika cha m'ma 150 psi ili bwino. Ikakhala pansi pa 120 psi, mphamvu yanu ikuthawira pa ringi, ndipo mankhwala ake ndi ringi yatsopano, osati kuboola chilichonse. Kenako masulani mabawuti a ekizozi, muunike ndi tochi pabowo lotulukira utsi uku mukukoka chingwe pang'onopang'ono. Pisitoni yabwino imakhala yosalala. Mukaona mizere yokandika yotsika m'munsi, dziwani kuti inapsapo kale. Pomwepo onaninso kasefa kawaya kotchinga moto kali m'kamwa mwa ekizozi, chifukwa kakatsekeka ndi mwaye kamaibanika injini ngati munthu wogwidwa pakhosi. Kawotcheni, mukapukute ndi burashi yawaya, mukabwezere.

Ngati muli ndi pampu yoyezera, tsekani mbali ya kabureta ndi ya ekizozi, mupope mpweya wa 0.5 bar m'crankcase, chipinda cha injini chimene chili pansi pa silinda. Singano ikamatsika, pali siilo kapena kapaipi kodontha, ndipo injini yotero simungaitchune n'kukhazikika.

Chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi tcheni. Yang'anani zimene chikulavula: chakuthwa chimataya tizipalamandu tooneka ndi maso, chobuntha chimataya fumbi ngati ufa. Tcheni chanucho chimafuna tupa yozungulira ya 4.0 mm, kunola pa madigiri 30, mano onse ofanana kutalika. Timitu tija tili kutsogolo kwa dzino lililonse tikhale 0.65 mm pansi pa nsonga ya dzino. Ambiri amatipala mopitiriza poganiza kuti makina aziluma kwambiri, mapeto ake dzino limatenga nthuli yoposa mphamvu ya 38cc, tcheni n'kuima monga mukuneneramu, komanso makina amadumphira mwiniwake mosavuta. Bar ya 40 nayonso ndi yaitali kwa injini imeneyi mu mtengo wolimba. Ikani ya 35, mudzamva kusiyana musanagwire bawuti ina iliyonse.

Mphepo_ndi_Moto

Zimene anena a Waspanala ndi zoona. Zikakhala kuti zonsezo zili bwino, pa zitatu zanu zija yambani ndi ekizozi. Ndiyo imabweza zambiri pa ntchito yochepa, chifukwa makina ang'onoang'ono ambiri amachoka kufakitale ndi kabowo kotulukira kakang'ono pofuna kuchepetsa phokoso ndi utsi. Utsi ukamachedwa kutuluka umatsalira m'silinda, mafuta atsopano amapeza malo ochepa, kutentha n'kumaunjikana mbali ya ekizozi.

Muyezo umene ambiri amatsatira ndi wakuti mabowo onse otulukira a ekizozi akaphatikizidwa akhale pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya kukula kwa bowo la utsi la pa silinda. Tiyerekeze kuti bowo la pa silinda ndi 190 mm², ndiye kuti mukufuna pafupifupi 130 mpaka 150. Bowo lozungulira la 8 mm limapereka 50 mm², la 10 mm limapereka 79 mm². Ngati lakale ndi la 8, kuwonjezera limodzi la 10 kwakufikitsani pa 129, basi imani pamenepo kaye. Kukulitsa n'kosavuta, kubweza n'kovuta, ndipo mukapitiriza muyezo mumangopeza phokoso, injini n'kumavuta kukhazikika ikamalira payokha.

Boolani ekizozi itachotsedwa pa injini. Mukamaliza itsukeni ndi kuipemerera mpweya mpaka musamvenso kachitsulo kakuwayawaya mkati mukaigwedeza, chifukwa injini ya two-stroke imakokako mpweya kuchokera ku ekizozi, ndipo kanyenyeswa kamodzi kamakanda silinda. Bowo latsopano liloze kutsogolo, kutali ndi pulasitiki ya buleki ya tcheni ndi dzanja lanu, ndipo likhale ndi kasefa kake kotchinga moto. Udzu wouma suchedwa kuyaka.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amaphera makina. Mwatsegula ekizozi, mpweya wodutsa m'injini wachuluka, koma kabureta akuperekabe mafuta a muyezo wakale uja. Mafuta akachepa injini imalira mokweza, mwaukhondo, mwiniwake n'kumasangalala kuti yapeza mphamvu, pamene pisitoni ikutentha mopitirira. Kumbukirani kuti oyilo amabwera limodzi ndi petulo, ndiye petulo akachepa oyilonso wachepa. Aluminiyamu wa pisitoni amayamba kumatirira pakhoma la silinda, ringi n'kukanirira mumsewu mwake.

Choncho musanailize, masulani sikuluwu ya H ya pa kabureta, yowongolera mafuta injini ikamathamanga kwambiri, kutembenuzira kumanzere, kota ya mzungulo. Sefa ya mpweya ikhale yoyera, bar ndi tcheni zili pomwepo, injini itenthe kwa mphindi zingapo. Yambani ndi L, yowongolera mafuta injini ikamalira motsika: ipezeni pamene injini ikuyankha msanga mukafinya, osatsamwa. Sikuluwu ya T, pena amalemba LA, yowongolera liwiro la injini ikamalira payokha, ikhale poti tcheni chisamayende chokha. Kenako finyani mpaka kumapeto kwa masekondi awiri kapena atatu osadula kanthu, mumvetsere. Mawu oyenera ndi aja okhala ngati ikugwedera pang'ono, brrr-brrr, ndipo mawuwo azitha, kulira n'kusalala, tcheni chikangolowa mu mtengo. Mukatukula bar pang'ono kugwedera kuja kuzibwerera. Ikamalira mosalala ngati mluzu ili m'malere, mafuta achepa, masulani H pang'ono. Ikamagwederabe ili mkati mwa chipika, achuluka, mangani pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo 8 a mzungulo nthawi imodzi. Ngati mungapeze tachometer, kachipangizo koyezera liwiro la injini, onani rpm (mizungulo pa mphindi) imene buku la makinawo likulola, musaipitirire. Chenjerani ndi makoyilo ena amene amadula moto okha rpm ikafika pamalire: kudulako kumamveka ngati kugwedera kwa mafuta okwanira, n'kukunamizani. Pa makina otero tchunani mukudula mtengo.

Mdulankhuni

Zikomo akuluakulu, zamveka. Kompuresheni yapezeka 145 psi, pisitoni ndi yosalala. Koma pa H ndi L pali tizipewa tapulasitiki, sizikulola kutembenuka kupitirira theka. Nanga za gasiketi zija, ndizisiye?

Mphepo_ndi_Moto

Tizipewato anatiika dala kuti tichepetse katembenuzidwe. Tizuleni mosamala, mudule kalilime kotchinga, mutibwezere kuti sikuluwu zisamayende ndi kunjenjemera. Musanaboole ekizozi tsimikizani kuti H ikutheka kumasuka mokwanira. Pali makina ena, monga ma Stihl MS 170 ambiri, amene kabureta wake alibe H n'komwe. Pa otero musaboole kanthu pokhapokha mutasintha kabureta n'kuika wotchunika.

Wa_Digiri

Pa gasiketi, funso loyamba ndi la kapangidwe ka injini yanu, bambo. Makina ambiri ang'onoang'ono ndi a clamshell, kutanthauza kuti silinda ndi theka lapamwamba la crankcase ndi chitsulo chimodzi, mabering'i a crankshaft amakhala pamsoko pake. Oterowo alibe gasiketi yoti muchotse, ndipo silinda singatsike popanda ntchito ya pa lathe. Ngati silinda yanu imamangidwa ndi mabawuti anayi pamwamba pa crankcase yakeyake, pamenepo m'pamene nkhaniyi ikutheka.

Musachotse musanayeze squish, mpata wa pakati pa mutu wa pisitoni ndi m'mphepete mwa denga la silinda. Tengani waya wofewa wa solder, uja wowotcherera mawaya a magetsi, wonenepa pafupifupi 1.5 mm, mupinde ngati L, mulowetse pabowo la pulagi mpaka nsonga igunde khoma la silinda, molunjika ndi pini ya pisitoni. Zungulitsani flywheel, gudumu limene chingwe cholizira chimatembenuza, ndi dzanja pisitoni idutse pamwamba, tulutsani wayayo, muyeze pamene paphwanyika. Yezani mbali zonse ziwiri. Chimene mukufuna ndi 0.5 mm. Mukapeza 0.9 ndipo gasiketi ndi ya 0.4, ichotseni, mupake guluu wosasungunuka ndi petulo monga Threebond 1184 kapena Dirko, mopyapyala kwambiri. Silikoni wamba amasungunuka, injini n'kuyamba kuyamwa mpweya wakuba. Mukapeza 0.7, kuchotsa kukusiyirani 0.3, ndipo zitsulo zikatentha pisitoni idzagunda denga. Apo dulani gasiketi yopyapyala ya 0.2 m'malo mwake.

Dziwaninso kuti silinda ikatsika mabowo ake onse atsika nayo: la utsi ndi ma transfer (okweza mafuta kuchokera m'crankcase) amachedwerako kutseguka, lolowera mafuta limakhala lotseguka nthawi yaitaliko. Pa makina ogwirira ntchito zimenezi n'zabwino, chifukwa zimawonjezera mphamvu yokoka, yomwe ndi imene mukuisowa m'chipika.

Zokuza mabowo, pa 38cc yodulira tsiku ndi tsiku ine sindingakulimbikitseni. Ngati mwatsimikiza, kulitsani bowo la utsi m'mbali mokha, lisapitirire 65 peresenti ya m'mimba mwa silinda, ndiye kuti 26 mm pa silinda ya 40 mm. Siketi ya pisitoni, mbali yake yam'munsi, izilitsekabe ndi 1.5 mm kapena kuposa mbali iliyonse, ndipo nsonga za ringi zisadutse pabowo. Denga la bowo likhale lokhota pang'ono, m'mphepete mwake musalaze, apo ayi ringi imakodwa n'kuthyoka, kapena chikutu cholimba cha m'silinda chimasupuka. Denga lenilenilo musalikweze opanda gudumu loyezera madigiri. Mukalikweza ngakhale 1 mm, utsi umatuluka msanga, rpm imakwera m'malere, koma mphamvu yokoka ija yapita ndipo chitsulo chopalidwa sichibwerera.

Waspanala

Ndiwonjezerepo za mafuta. Injini ikasinthidwa chonchi imatentha kuposa kale, ndiye ambiri amachoka pa 50:1, yomwe ndi 20 ml ya oyilo pa lita imodzi ya petulo, n'kupita pa 40:1, yomwe ndi 25 ml. Oyilo akhale wa two-stroke wa injini zozizira ndi mpweya, wolembedwa JASO FD, osati wa injini za maboti. Sankhani muyezo umodzi musanatchune kabureta, ndipo mukausintha tchunaninso. Pulagi ikhale ndi mpata wa 0.5 mm, zipsepse za silinda zikhale zopanda utuchi.

Mukadula thanki imodzi yathunthu, zimitsani injini ikadali yotentha ndi ntchito, mutulutse pulagi. Ikakhala yofiirira ngati khofi wamkaka zili bwino. Ikakhala yotuwa mbuu, masulani H musanadulenso, muchotsenso ekizozi muone ngati pisitoni ikadali yosalala.