Ampulifaya ya besi yogula kwa munthu ikulirima ndi kuzima pakati pa nyimbo

Woimba besi wa ku Mufakose

Akuluakulu ndi abale anga oimba gitala ya besi kuno ku Harare, ku Zimbabwe, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa milungu itatu tsopano. Mwezi watha ndinagula ampulifaya yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu wina amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndinapereka madola 180 a ku America. Ndi ya matransista, ilibe sipika yakeyake, ndipo kumbuyo kwake analembako kuti imatulutsa ma watt 350 pa masipika a ma ohm 4 (ohm ndi muyezo wa mmene sipika imakanizira magetsi). Tsiku logula ndinaiyesa kwa mphindi khumi zokha pa bokosi limodzi la masipika, ndipo inalira bwino.

Tsopano ikangoyatsidwa imalirima mosalekeza ngakhale ndisanakhudze nsambo. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti tikaimba kwa mphindi 40, imangozima yokha, n'kudzayakanso patapita mphindi zisanu kapena khumi. Loweruka lapitali zinachitika pa ukwati ku Dzivarasekwa akwati akulowa kumene mu holo, ndipo anzanga a m'gulu anandiyang'ana ngati ndachita dala. Ndimailumikiza ku mabokosi awiri: langa lakale la masipika anayi a mainchesi 10, la ma ohm 8, ndi lina la sipika imodzi ya mainchesi 15 limene ndinabwereka kutchalitchi kwathu, lopanda cholembedwa chilichonse kumbuyo. Pakatha milungu iwiri ndili ndi ukwati wina ku Mabvuku. Kodi ndiikonzetse, kapena ndiigulitse isanafe kotheratu?

Woimba besi wa ku Chitungwiza

Achimwene, ine ndikuganiza kuti ndi jenereta. Maukwati ambiri masiku ano akuyendera jenereta chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndipo eni mwambo amalumikizako mafiriji ndi magetsi a m'holo pamodzi ndi zida zathu, mpaka mphamvu imatsika. Za kulirimako, ndinaonapo anthu akudula waya wa earth pa pulagi, ndipo phokoso linatha nthawi yomweyo.

Mmisiri wokonza zida zoimbira wa ku Mbare

Achimwene a ku Chitungwiza, za jenereta mwanena zoona, ndipo zimachitikadi, koma za kudula waya wa earth ndikupemphani kuti musadzauzenso munthu wina. Nsambo za besi zimalumikizana ndi chitsulo cha thupi la ampulifaya kudzera pa chingwe cha gitala. Waya wamoto ukakhudza chitsulo chimenecho m'kati, earth ndiye amaphulitsa fyuzi n'kupulumutsa woimba. Popanda earth, ma volt oposa 220 amadikira munthu amene wagwira nsambo ndi dzanja limodzi n'kukhudza maikolofoni ndi mlomo. Phokoso likhoza kutha, koma moyo wa mnzathu umakhala uli pachiswe.

Tsopano kwa inu mphwanga wa ku Mufakose. Mmene mwafotokozeramu, ine ndikuona matenda awiri osiyana, ndipo tisawaphatikize. Ampulifaya imene imazima ikatentha n'kudzayaka yokha ikazizira kawirikawiri imakhala ikudziteteza, chifukwa m'kati mwake muli kachipangizo kamene kamadula magetsi kutentha kukapitirira muyezo. Chofunika n'kudziwa chimene chikuitenthetsa, ndipo ine ndikukayikira bokosi lobwereka lija. Mabokosi awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa onse kumbuyo kwa ampulifaya amapanga ma ohm 4, ndipo pamenepo yanuyo ingagwire ntchito tsiku lonse. Koma ngati la mainchesi 15 lili la ma ohm 4, muchulukitse 8 ndi 4, mupeza 32, ndipo mugawe ndi 12 (8 kuphatikiza 4), mupeza ma ohm 2.67. Kumeneko n'kusenzetsa matransista katundu woposa amene anawapangira, ndipo amakoka magetsi ambiri mpaka kutentha.

Bwerekani mita yoyezera ma ohm, muchotse chingwe cha bokosilo ku ampulifaya, muyeze kumapeto kwake. Bokosi la ma ohm 8 limaonetsa pakati pa 5 ndi 7, pamene la ma ohm 4 limaonetsa pafupifupi 3. Musadabwe kuti nambala ya pa mita ndi yocheperapo, ndi mmene zimakhalira. Muonenso ngati fani ikuzungulira, ndiponso ngati chingwe chimene mwalumikizira mabokosi chili cha sipika. Ambiri amagwiritsa ntchito chingwe cha gitala pamalo amenewa chifukwa mitu yake ndi yofanana, koma waya wake ndi wopyapyala ndipo sanaupangire kunyamula mphamvu yotero.

Mayi woimba besi m'kwaya ku Highfield

Amalume a ku Mbare afotokoza bwino za kuzima, ine ndiwonjezere za kulirima, chifukwa besi yanu yomweyo ikhoza kukuuzani kumene phokoso likuchokera. Magetsi athu kuno amayenda pa ma hertz 50. Nsambo ya E mukaisindikiza pa fureti yachitatu (mpata wachitatu pakhosi pa gitala) imatulutsa G wapansi, wolira pa ma hertz 49, pamene nsambo ya G yosasindikiza imalira pa 98. Choncho mvetserani phokosolo ndipo muliyerekeze ndi mawu awiriwa. Likafanana ndi G wapansi uja, kaŵirikaŵiri vuto limakhala la earth, la zingwe kapena la mapikapu (zotolera mawu a nsambo pa gitala) amene akutola magetsi a m'nyumba. Likafanana ndi G wapamwamba, ndiye kuti ndi ma hertz 100, ndipo mlandu umagwera makapasita aakulu amene amasefa magetsi m'kati.

Musaiwalenso gitala yeniyeniyo. Ngati ili ya mtundu wa Jazz Bass, mapikapu ake awiri amathetsana phokoso pokhapokha onse atatsegulidwa mofanana, ndipo mukatsitsa imodzi phokoso limabwera ngakhale ampulifaya ili yabwinobwino. Precision Bass ilibe khalidwe limeneli chifukwa kuyambira 1957 pikapu yake ndi yogawidwa pawiri. Choncho chotsani chingwe cha gitala, mutsitse voliyumu mpaka pa ziro, kenako mumve ngati kulirima kukupitirira.

Woimba besi wa ku Mufakose

Zikomo kwambiri amalume ndi amayi, ndachita zonse zimene munandiuza. Bokosi langa laonetsa 6.1, koma lobwereka lija laonetsa 3.2, kutanthauza kuti nthawi yonseyi ndakhala ndikuizunza ampulifaya ndekha. Fani ikuzungulira mofooka, ndipo nditaunika ndi tochi ndaona fumbi lambiri litatseka mipata yolowera mphepo. Achimwene a ku Chitungwiza, jenereta ilibe mlandu ulendo uno, chifukwa dzulo inazimanso kunyumba magetsi alipo. Kulirima kukupitirira ngakhale gitala nditachotsa ndi voliyumu ili pa ziro, ndipo kukufanana ndendende ndi nsambo ya G yosasindikiza. Ndapezanso china chimene chandiopsa: ampulifayayi inabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira a ku South Africa, ndipo adaputa imene ndimagwiritsa ntchito pa soketi zathu za mano afulati ili ndi dzino la earth lapulasitiki.

Mmisiri wokonza zida zoimbira wa ku Mbare

Adaputa imeneyo muitaye lero lomwe, mphwanga, ndipo chingwe chimangidwe pa pulagi ya mano afulati yokhala ndi fyuzi, waya wobiriwira ndi wachikasu ulowe pa dzino lalitali. Imeneyi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Fumbi mukhoza kulipemerera kuchokera kunja ampulifaya itazulidwa kukhoma.

Makapasita okha musawakhudze. Phokoso la ma hertz 100 limene silimvera voliyumu limasonyeza kuti akalamba ndipo auma m'kati, monga zimachitikira ndi ampulifaya imene yagwira ntchito zaka zambiri pamalo otentha. Makapasita amenewa amasunga magetsi ngakhale chingwe chitazulidwa, ndipo ine ndili ndi chipsera padzanja chimene ndinachipeza ndili mnyamata chifukwa chofulumira. Mupite nayo kwa mmisiri amene amadziwa kuwakhuthula magetsi asanayambe kuwotcherera. Mumuuze kuti atsopanowo akhale a ma microfarad ofanana ndi akalewo, ma volt ake akhale ofanana kapena okwererapo koma osatsika, ndipo ngati angapezeke asankhe olembedwa madigiri 105 m'malo mwa 85. Mupemphenso kuti akubwezereni akalewo m'manja, muone nokha ngati atupa kapena achucha. Fani ikapanda kuchira itatsukidwa, isinthidwe nthawi yomweyo ampulifaya ikadali yotsegula.

Ku Mabvuku mukaimbire pa bokosi lanu lokha la ma ohm 8. Mphamvu idzatsikako ndithu, koma ampulifaya idzayenda yozizira, ndipo masipika anayi a mainchesi 10 amamveketsa bwino mawu apamwamba a nyimbo za sungura. Nonse mukudziwa mmene Alick Macheso anazolowetsera anthu kumva besi ikutsogolera nyimbo m'malo mongotsatira ng'oma, ndipo kaimbidwe kotero sikapatsa matransista mpata wopuma.

Bambo wogula ndi kugulitsa zida ku Mabvuku

Ine ndiyankhe funso la kugulitsa lija, chifukwa palibe amene walikhudza. Mawu akuti "ndiigulitse isanafe" sanandisangalatse, mwana wanga. Oimba besi mu Harare ndife ochepa ndipo timadziwana, kotero chida chodwala chimene mwagulitsa mwakachetechete mudzachipeza pa maliro kapena pa ukwati chili m'manja mwa mwana wa mnzanu. Ngati mufuna kugulitsa, nenani matenda ake ndipo mutsitse mtengo molingana ndi ndalama yokonzera.

Pogula, mphindi khumi sizikwanira. Ine ndimaiimbitsa ola lathunthu mokweza pa bokosi langa limene ndikudziwa ma ohm ake, ndimazunguliza mabatani onse kumvetsera ngati akuthetheka, ndimanunkhiza kumbuyo ngati kuli fungo la kupsa, ndipo ndimayang'ana zomangira kuti ndidziwe ngati yatsegulidwapo kambirimbiri. Ndimatulutsanso fyuzi, chifukwa ndapezapo zina atazikulunga ndi waya. Zida zimene abale amatitumizira kuchokera ku America muziwerenga kumbuyo musanalumikize, popeza zambiri ndi za ma volt 120 ndipo pa magetsi athu zimapsa nthawi yomweyo ngati zilibe posinthira. Wogulitsa akakana kuti muyese motere, bwezani ndalama m'thumba.

Woimba besi wa ku Mufakose

Bambo, mawu anu ndawamva ndipo ndikuvomera kuti ndinaganiza molakwa. Ampulifaya sindigulitsa. Mmisiri wasintha makapasita awiri, ndipo imodzi mwa akalewo inali itatupa pamwamba monga amalume ananenera. Fani ndi pulagi zasinthidwanso. Loweruka ku Mabvuku tinaimba kuyambira 2 koloko masana mpaka mdima pa bokosi limodzi, ndipo sinazime ngakhale kamodzi, kulirima nakonso kwatheratu. Bokosi la mainchesi 15 ndalibweza kutchalitchi nditalembapo ndi penti yoyera kumbuyo kuti ndi la ma ohm 4, ndipo tsopano ndikufuna lina la ma ohm 8 loti ndiphatikize ndi langali. Amene ali nalo anene mtengo, ndibwera ndi mita yanga.