Kugona mu tenti mwaulere pafupi ndi Exit Glacier ku Alaska: kodi wozolowera Mulanje angakwanitse?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni

Abale anga, ndikupempha nzeru kwa aliyense amene anafikako ku Alaska, m'dziko la America. Mlongo wanga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Anchorage wandiitana kuti ndikamuone pa tchuthi cha Ogasiti, ndipo wandiuza kuti m'paki ya Kenai Fjords, kufupi ndi tauni ya Seward, muli malo amene munthu amakhoma tenti osalipira kanthu, pafupi ndi chimtsinje cha madzi oundana chotchedwa Exit Glacier. Ine mapiri ndimawakonda: Michiru ndimakwera kawirikawiri, ndipo ku Mulanje ndinagonapo ku Chambe ndi ku Chisepo mpaka kukafika pa Sapitwa. Komabe kumeneko timapeza nyumba, nkhuni ndi mlonda. Kodi ulere umenewu ndi woona? Nanga pamalopo pali chiyani, ndipo ndikonzekere bwanji?

Mayi wa ku Namiwawa

Aphunzitsi, ulerewo ndi woona. Ine ndinagonako masiku awiri zaka zingapo zapitazo pamodzi ndi mwana wanga, ndipo sitinalipire polowa m'paki ngakhalenso pogona. Malo okhomapo matenti ndi 12 okha. Nthawi imeneyo panalibe zosungitsa malo, wofika msanga ndiye ankapeza, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti amadzaza dzuwa lisanalowe, choncho kuchoka ku Anchorage, umene ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kukafika ku Seward, munyamuke m'mamawa. Muyambe mwaona pa tsamba la pakiyo ngati ndondomekoyi idakali chomwecho. Munthu saloledwa kukhala kuposa masiku 14, ndipo kugona m'galimoto poimika magalimoto n'koletsedwa; galimoto mumaisiya, katundu n'kumunyamula pamanja kukafika pamalo anu.

Zimene mukapeze ndi zochepa ndithu, ndipo kwa Mmalawi si zachilendo: mjigo wa madzi akumwa, zimbudzi zokumba, ndi chisakasa chimodzi chophikiramo ndi kudyeramo, chokhala ndi posungira chakudya. Magetsi palibe, bafa palibe.

Chimene ndikufuna muchimvetse bwino ndi nkhani ya chakudya, chifukwa apa ndi pamene chizolowezi chathu chingakupwetekeni. Ku Mulanje timagona chikwama cha chiponde ndi buledi chili kumutu, ndipo choopsa chachikulu ndi mbewa kapena khwangwala. Ku Alaska kuli zimbalangondo, makamaka zakuda, ndipo zimanunkhiza kutali kwambiri. Kuphika kapena kusunga chakudya pa tenti n'koletsedwa. Chilichonse chafungo, ngakhale sopo, mafuta odzola ndi mankhwala otsukira mano, chimakagona kosungira kuja. Usiku woyamba ndinaphika nsima pa kasitovu ka gasi, ndipo monga timachitira kwathu ndinathira madzi m'poto kuti makoko afewe ndidzatsuke m'mawa. Mayi wina amene ankadya pafupi nafe anandiuza mwaulemu kuti potoyo sangagone panja, ndipo ndinakhala pansi n'kuyamba kukwecha nthawi yomweyo, zala zitauma ndi madzi ozizira a pa mjigo. Ankanena zoona, chifukwa chimbalangondo chikazolowera chakudya cha anthu chimayamba kuyandikira matenti, ndipo mapeto ake nthawi zambiri chimaphedwa.

Wokwera mapiri wa ku Ndirande

Ndikugwirizana ndi amayiwa, koma achimwene, ine ndikuchenjezeni za kuzizira. Musayese ndi chiperoni cha mu Juni chimene timachimva ku Limbe. Mpweya umene wakhala pamwamba pa madzi oundana umazizira, umalemera, kenako umatsetsereka kutsata chigwa, moti mukamayandikira mtsinje wa madzi oundanawo mphepo imakuombani kumaso ngakhale tsiku la dzuwa. Mvula imagwanso kawirikawiri m'dera limenelo, ndiye tenti yanu ikhale yosadontha, mukhale ndi sleeping bag yeniyeni (chofunda chonga thumba chimene mumalowamo pogona) komanso choyala chochindikala, popeza nthaka ndiyo imayamwa kutentha kwa thupi. Zovala za thonje zikanyowa siziuma msanga ndipo zimakuziziritsani. Funani za ubweya ndi jekete la mvula, zimene mu kaunjika wa ku Limbe munthu wodekha amazipeza. Gasi wophikira ndi mankhwala opopera zimbalangondo musagule kuno, chifukwa m'ndege saloledwa, mukagule komweko.

Popeza Sapitwa, amene ndi wa mamita 3,002, munamukwanitsa, musabwerere musanayende njira ya Harding Icefield. Ndi makilomita pafupifupi 13 kupita ndi kubwerera, ndipo mumakwera mamita pafupifupi 1,000, choncho ipatseni tsiku lonse. Pamwamba pake mumaona chidikha cha madzi oundana chimene Exit Glacier imachokerako, choyera mpaka kumene maso akulekezera, nsonga za mapiri zikungotulukira ngati zilumba za pa nyanja.

Mayi wa ku Namiwawa

Ndiwonjezere chimodzi chimene chinandikhudza mtima. M'mbali mwa msewu ndi m'njira yopita ku mtsinjewo anaika zikwangwani zolembedwa zaka, chilichonse pamalo pamene madzi oundanawo ankalekezera chaka chimenecho. Mumadutsa chikwangwani cha chaka chakale muli pakati pa mitengo italiitali, mtsinjewo usakuoneka n'komwe, ndipo mukafika pa zikwangwani za zaka zaposachedwa mumapeza miyala yokhayokha pamene udzu sunamere. Barack Obama anafika pamalo amenewa mu 2015, ali mtsogoleri wa dziko la America, kudzalankhula za kusintha kwa nyengo. Ife amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu 2023 sitingaime pa zikwangwani zimenezo ngati alendo ongojambula zithunzi. Mukajambule zingapo mudzaonetse ana a m'kalasi mwanu.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri amayi, zikomonso achimwene. Nkhani ya poto ija ndaisunga, chifukwa ineyo ndikanachita chimodzimodzi. Ndauza mlongo wanga kuti apemphe tchuthi pakati pa sabata kuti tikapeze malo, ndipo Loweruka lino ndipita ku Limbe kukafufuza jekete ndi masokosi a ubweya.