Kabati ya mankhwala yasiya kulankhula ndi seva chiyesereni jenereta, thandizani

Bambo a Tadala: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi vuto landizunguza mutu chiyambire m'mawa nde ndati ndiponye muno mwina wina anakumanapo nazo. Masabata atatu apitawa tinaika kabati ya mankhwala ija yotsegula ndi chala pa wodi ya odwala ochokera ku fiyeta, chipatala china kuno kumpoto kwa England. Zonse zinali bho, a famasi anadzaza madilowa, manesi tinawaphunzitsa, tinasainirana. Lero cha m'ma 6 koloko anyamata a zamagetsi amayesa jenereta monga amachitira mwezi ndi mwezi, magetsi anangophethira pang'ono basi, kabati inazima nkuyakanso yokha koma chiyakireni ikungoti offline. Ping ku seva ikupita bwinobwino, kebulo ndasintha, makabati a mawodi ena onse ali online. Manesi akutha kulowa chifukwa zala zawo imasunga mkati mwake, madilowa akutseguka, koma mndandanda wa odwala unaima pa wa m'mawa, atsopano sakuoneka ndipo ena oti anapita kwawo kalekale akadalipobe. Ndarestarta kawiri, palibe chasintha. Wotchi ya pa sikirini nayo yasokonekera koma izo ndati ndikonza pambuyo. A support akuti remote yawo sikulowa ndiye abwera mawa. Usiku wonsewu wodi ikhala chonchi?

Joni IT: Achimwene ping isakupusitseni, ping imangokuuzani kuti msewu ulipo, sikuuzani kuti pageti akulolani kulowa. Mndandanda wa odwala umachokera ku ma ADT a HL7, mauthenga onena za odwala amene makompyuta a chipatala amatumizirana, A01 wodwala akagonekedwa, A02 akasamutsidwa wodi, A03 akatuluka, koma awo amafikira pa seva kaye kenako seva ndi imene imagawira makabati. Ngati mawodi ena akulandira ndiye interface ili moyo, vuto lili pakati pa kabati yanuyo ndi seva. IP, adiresi yake ya pa network, ikadali yomwe ija? Mwina itayakanso yatenga ina ku DHCP, imene imagawa ma IP yokha.

Bambo a Tadala: IP ndi static aise, sinasinthe. Ndaona kale.

Madala a ku Luton: Bambo a Tadala, chimene mwati mukonza pambuyocho ndi chimene ine ndikufuna timve kaye. Wotchi yasokonekera bwanji? Musayang'ane maola okha, lowani mkati muone deti lonse mpaka chaka. Ndiponso mundiuze, porestarta paja munazula pulagi kapena munangorestarta pa sikirini?

Bambo a Tadala: Pa sikirini basi madala, pulagi sindinakhudze. Dikirani ndipite ndikaone.

Eeh. Ikuti 1 January 2016. Ndipo maola akuoneka kuti inayamba kuwerenga pa 00:00 nthawi imene magetsi anaphethira ija.

Madala a ku Luton: Ndi pamenepo. Kabatire kakang'ono ka pa motherboard, CR2032, kanafa. Bola magetsi alipo simungadziwe chifukwa board imadya za pakhoma, tsiku limene magetsi achoka ndi pomwe wotchi imabwerera pa deti la ku fakitale. Ndiye kabati ikamapempha kulankhula ndi seva imayang'ana certificate ya seva, nkuona kuti inaperekedwa chaka chimene kwa iyo sichinafike, nkukana. Remote ya a support ikukanika pa chifukwa chomwecho. Makabati awa kaya ndi Pyxis kaya Omnicell kaya mtundu wina, mkati mwake ndi kompyuta yokhala ndi maloko ambiri basi, matenda a kompyuta nawonso amadwala.

Joni IT: Zoona madala. Ndipo ikanakhala pa domain sizikanafuna ndi zaka zomwe, Kerberos, mlonda wotsimikizira amene akulowa pa domain, amakana wotchi zikasiyana ndi mphindi zoposa 5 zokha. Koma ine funso langa ndi lakuti bwanji sinadzikonze yokha ndi NTP, njira imene makompyuta amatengera nthawi yolondola pa network? Tsiku lonse lathunthu?

Bambo a Tadala: Ndiye ndingokonza deti pano ndione ngati ibwerere online?

Mayi a Pempho: AYI achimwene imani kaye chonde musakhudze wotchiyo. Ine ndimagwira ku famasi ndipo ndikudziwa amene adzavutike mawa. Chilichonse chimene manesi atenga kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka pano chalembedwa ndi deti la 2016, morphine, oxycodone, fentanyl, zonse za Schedule 2, ndipo wodi ya anthu ochokera ku fiyeta ma CD, ma controlled drugs otetezedwa ndi lamulowa, amatuluka kwambiri. Mukangokonza deti kabati ibwerera online nkukankhira zonsezo ku seva, ndiye munthu akadzatulutsa lipoti la lero sadzaona kanthu chifukwa zapita kukakhala zaka zambuyo uko, stock yatsika koma palibe amene akuoneka kuti anatenga. Mukudziwa mmene zimaonekera zimenezo pa pepala? Zimaoneka ngati mankhwala abedwa, ndipo oyamba kufunsidwa ndi manesi a shift imeneyo oti sanalakwe chilichonse.

Muimbireni pharmacist wa on call kaye. Musanasinthe kanthu jambulani sikirini ya kabati pamodzi ndi foni ina yoonetsa nthawi yeniyeni pa chithunzi chimodzi, kuti tidziwe kusiyana kwake ndi kotani ndendende, nchifukwa chake madala anafunsa za pulagi, mukanazula wotchi ikanayambiranso pa ziro ndiye kusiyanako kukanakhala kuwiri kapena kutatu. Kenako atulutse pa printer zonse zachitika lero kuchokera pa kabati pomwepo. Kenako awerenge ma CD onse thumba ndi thumba, pharmacist ndi nesi wamkulu wa shift ngati mboni, ayerekeze ndi register komanso ndi zimene zalembedwa pa chart ya wodwala aliyense. Zikagwirizana asaine onse awiri. Apo ndiye mukonze wotchi yanu. Ndipo lipoti la incident lilembedwe lero lomwe, Accountable Officer wa ma CD, mkulu woyankhira za mankhwalawa pa chipatala, ayenera kumva kwa inu, asadzazitulukire yekha pa audit.

Bambo a Tadala: Achemwali mwandipulumutsa, chala chinali kale pa settings. Ndikuimba pano.

Sister NaBanda: Ndalowa mochedwa ndinali pa handover. Ine changa ndi china bambo a Tadala, mwati odwala atsopano sakuoneka, ndiye anzanga pa wodipo akuwapatsa bwanji mankhwala chiyambire m'mawa? Ndikudziwa yankho, akulowetsa wodwala pamanja ngati temporary kenako override. Ndipo sindikuwaimba mlandu, munthu wangochoka ku fiyeta akubuula ndi ululu sungamuuze kuti dikirani a IT abwera mawa. Koma override ndi yoopsa chifukwa kabati siikuyang'ananso zimene dokotala walemba, ikukupatsa chilichonse chimene walemba iwe. Ambiri munamva za ku Vanderbilt ku Nashville mu December 2017, nesi RaDonda Vaught ankafuna Versed, yomwe ndi midazolam, sinaoneke pa profile ya wodwala, anapanga override nkulemba VE, kabati inamubweretsera vecuronium, mankhwala oumitsa minofu yonse mpaka munthu kulephera kupuma. Wodwalayo, Charlene Murphey, anamwalira, ndipo mu 2022 khoti linamupeza nesiyo wolakwa. A ISMP, bungwe la ku America loona za chitetezo pa kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala, amalimbikitsa kuti posaka mankhwala pa override munthu azilemba zilembo zosachepera 5 kabati isanaonetse kanthu. Ndiye poti muli pomwepo muone ngati yanuyo inaikidwa chomwecho, ndipo muuzeni nesi wamkulu kuti mpaka ibwerere online override iliyonse azikhala awiri, wina akuwerenga chart wina akuwerenga botolo, osati ma CD okha ayi, zonse.

Chinanso, odwala amene anatuluka koma akuonekabe aja. Bedi 4 ya m'mawa si bedi 4 ya madzulo. Usiku munthu watopa amatha kudina dzina limene analizolowera.

Bambo a Tadala: Sister ndawauza ndipo amata pepala pa kabati. Za zilembo 5 ndiona ndi a famasi chifukwa setting imeneyo ndi yawo, ine ndilibe ufulu woisintha.

Biomed wa ku Zomba: Mabwana ine komwe ndimagwira makabati amenewa kulibe, mankhwala timatsekera ndi kiyi ndi buku basi, koma nkhani ya mabatire ndi nsima yathu ya tsiku ndi tsiku poti kuno magetsi amathima osatsanzika. Chimene sindikumvetsa ndi ichi, magetsi aphethira masekondi ochepa, bwanji kabati inazima? Ilibe UPS mkati, batire logwirizira makina magetsi akathima? Ngati ilipo ndiye nayo batire lake linafa, ndipo mabatire awiri osiyana kufa pa makina oti aikidwa masabata atatu apitawa, ine ndikukayika kuti kabatiyo ndi yatsopano. Inakhala nthawi yaitali bwanji mu stolo musanaike?

Bambo a Tadala: Mwalasa mphwanga. Si yatsopano, inachotsedwa pa wodi ina imene inatsekedwa, inakhala ku warehouse chaka ndi miyezi osalumikizidwa. Poika tinayesa maloko onse, scanner, printer, chala, loko ya firiji, PAT test ya chitetezo cha magetsi, koma kuzula pulagi kuti tione UPS ayi, inali ikuonetsa green ndiye tinadutsa.

Biomed wa ku Zomba: Green uja amanama akulu. Mabatire a lead acid a 12V aja ukawasiya osatchaja miyezi yambiri amauma mkati, ukabwezeretsa pa magetsi meter ikuonetsa 13V bwinobwino koma ukangowasenzetsa katundu amagwa pompo. Ife makina a mu labu timayesa ndi load, kuzimitsa pakhoma makina ali oyaka nkuwerenga mphindi. Ndipo CR2032 watsopano amawerenga kupitirira 3V pang'ono, akakhala pansi pa 3V ine sindikambirana naye, ndimangotaya. Kanthu kotchipa kwambiri kuposa ulendo wobwereranso pa site.

Madala a ku Luton: Mnyamatayu wanena zoona. Ndipo musadalire kuti poti muli pa soketi yofiira ndiye mwatetezeka, soketi ya essential imadikirabe jenereta kuti idzuke, mpata umenewo ndi ntchito ya UPS. Mukamatsegula mbali ya electronics pharmacist akhale pomwepo akuona, makiyi a kabati asachoke m'manja mwake kupita m'thumba mwanu, ndipo mulembe nthawi yotsegula ndi yotseka. Ndagwira ntchito iyi zaka zambiri, sindinatsegulepo kabati yokhala ndi ma CD ndili ndekha ngakhale atandiuza kuti tikukukhulupirirani. Valani strap ya ESD yoteteza board ku static ya m'thupi mwanu. Mukasintha kabatire lowani mu BIOS muone ngati ma setting ena sanabwerere ku default, makamaka ija yoti magetsi akabwera iziyaka yokha.

Joni IT: Tibwerere pa NTP paja chifukwa mukasintha mabatire okha wotchi izidzatsalirabe pang'onopang'ono. Ngati muli ndi admin lembani w32tm /query /status muone source, ikanena Local CMOS Clock ndiye kuti ikungodalira wotchi yake yamkati, siikulandira nthawi kwina kulikonse. Ndikuganiza kuti wodi imeneyo ili pa VLAN ina, chigawo china cha network, ndipo a firewall anatsegula ma port a seva okha nkuiwala UDP 123, port ya NTP. Komanso Windows yoti siili pa domain mwa default imakana kudzikonza ngati kusiyana kwaposa maola 15, ndiye ngakhale port itatseguka zaka zonsezo sikanalumpha yokha, muyenera kuiyandikitsa pamanja kaye kenako w32tm /resync. Time zone muonenso kuti ndi London, kwanuko mawotchi amabwerera m'mbuyo Lamulungu lomaliza la October, ife kuno ndi kumudzi zimenezo kulibe nde timaziiwala.

Bambo a Tadala: Ndabwera ndi lipoti akuluakulu, pepani dzulo ndinafika kunyumba usiku kwambiri. Pharmacist wa on call anabwera cha m'ma 8, tinajambula, tinaprinta, anawerenga ma CD ndi sister wa night. Zonse zinagwirizana kupatula ampoule imodzi ya morphine imene theka lake linatayidwa, mu register analemba ndi mboni yomwe koma pa kabati waste sinalowetsedwe, anaikonza pomwepo. Ndinasintha CR2032, wakaleyo amawerenga 1.9V. Nditaika deti lenileni sipanathe mphindi ziwiri yabwerera online, mndandanda wa odwala wadzaza. Zochitika za dzulo zapitadi ku seva ndi deti la 2016 monga ananenera mayi a Pempho, a support akuti sangasinthe zolembedwa kale, ndiye a famasi aphatikiza printout ndi chithunzi chija ku lipoti la incident. Log ya kutentha kwa firiji nayo ili ndi deti lolakwika koma manambala onse ali pakati pa 2 ndi 8, insulin sanataye.

Source inalidi Local CMOS Clock, aise wa ku Joni unalondola, UDP 123 ndi yotseka, ndalemba tikiti ku IT. Batire la UPS ndinalibe mu galimoto, lifika mawa, ndawapempha a zamagetsi kuti asachite chilichonse pa circuit imeneyo mpaka nditasintha nkuyesa ndi load.

Mayi a Pempho: Mwachita bwino achimwene. Zilembo 5 zija?

Bambo a Tadala: Inali pa 3. Pharmacist wati apita nazo ku komiti yawo chifukwa zikhudza makabati onse a chipatala, sangasinthe imodzi yokha.

Madala, ku warehouse komweko kwatsala makabati ena awiri ochokera pa wodi yomwe ija, tikuyenera kuika sabata ya mawa ku maternity. Ndaitanitsa kale mabatire onse awiri pa iliyonse. Pali china chimene chimafa zikakhalitsa chomwe ndiyenera kuyang'ana ndisanazikweze mu van?

Madala a ku Luton: Ziyatseni komweko ku warehouse zigone zoyaka usiku umodzi, m'mawa mutsegule thumba lililonse limodzi limodzi, ma solenoid ena otsegula maloko amakakamira akakhalitsa osagwira ntchito. Muonenso ngati database yakale inafufutidwa, mungapeze mayina a odwala a wodi yotsekedwa ija akadali mkati. Ndipo tikiti ya port 123 mulembe ya VLAN ya maternity lero lomwe, a IT sayankha tsiku limodzi.