Kutola mazira a apikoko a m'tchire ndi kuwatumiza ku Mzuzu

Mlimi wa ku Mitundu

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Pafamu imene ndimayang'anira mumsewu wa ku Mitundu pali apikoko amene adasiyidwa ndi mwini famu wakale, ndipo tsopano amadzifunira okha chakudya, usiku n'kumagona pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Sabata yatha ndidapeza chisa m'udzu wa kuseri kwa damu, kadzenje kosaya koyalidwa masamba ouma, muli mazira 3. Mlamu wanga wa ku Mzuzu ali ndi makina oswetsera mazira ndipo akufunitsitsa kuweta mbalamezi. Chaka chatha ndidamutumizira mazira 6 pabasi, nditawakulunga m'nyuzi n'kuwaika pamodzi ndi katundu wina, koma onse adasukusa, ndipo zidandipweteka mtima kwambiri. Kodi ndidalakwitsa potola kapena potumiza?

Mayi woweta nkhanga, Area 25

Bambo, ndikuganiza kuti vuto lidayambira pachisa pomwepo. Pikoko wamkazi amaikira dzira limodzi, kawirikawiri chakumadzulo, kenaka n'kudumphitsa tsiku, ndipo sayamba kufungatira mpaka mazira atakwanira, nthawi zambiri 4 mpaka 8. Dzira loyenera kuyenda ulendo ndi lomwe silidafungatiridwepo. Mukatola mazira amene mayi wake wawakhalira kale masiku angapo, ndiye kuti mwanapiye wayamba kupangika m'katimo, ndipo akazizidwa panjira amafa.

Muzipita kuchisako tsiku lililonse dzuwa likamalowa, pamene mbalameyo yachokapo, chifukwa dzira logona kutchire limadikiriridwa ndi agalu, nyenga ndi akhwangwala, komanso dzuwa la Okutobala lino limaliwononga. Musatenge onse. Siyanipo limodzi kapena awiri, muwalembe chizindikiro ndi pensulo, kuti mwini chisa asathawe n'kukaikira kwina kumene simungakupeze. Ine nkhanga zanga zidandiphunzitsa zimenezi: tsiku limene ndidakokolola chisa chonse, thadzi lidasamukira kumunda kwa aneba. Dzira lililonse mulilembe tsiku lomwe mwalitola, ndipo musalitsuke ngakhale lili ndi dothi, pakuti madzi amachotsa kachikuto kopyapyala koteteza chigoba ku tizilombo. Mungolipukuta ndi kansalu kouma.

Posunga, kosongoka kuyang'ane pansi, pamalo ozizira bwino, cha m'ma digiri 12 mpaka 15. Mufiriji n'mozizira mopitirira. Ngati mulibe chipinda chotere, mphika wadothi wokhazikidwa pamchenga wonyowa pakona ya nyumba umathandiza, bola madzi asakhudze mazirawo. Masiku 7 asakwane asanalowe m'makina, kuwerengera ndi tsiku la ulendo lomwe, chifukwa akapitirira apo mwayi woswa umatsika tsiku ndi tsiku. Muonetsetsenso ngati pagululo pali wamwamuna wokhwima, wa mchira wautali wathunthu uja umene umadza akafika zaka 3, popeza mazira opanda tambala sangaswe ngakhale mutawasamala bwanji.

Bambo a ku Likuni

Ndikugwirizana ndi mayiwa, koma ine ndikuona kuti ulendo nawo udachitapo kanthu. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu pamsewu wa M1, kudzera ku Kasungu ndi ku Jenda, ndi mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo katoni yoikidwa pansi pa basi imagwedezeka ndi kutenthedwa njira yonseyo. Kumbali yobulungira ya dzira kuli kathumba ka mpweya kamene mwanapiye amayamba kupumiramo asanaboole chigoba. Kugwedezeka kumasuntha kathumbako, ndipo dzira limaoneka labwinobwino kunja pamene m'kati mwawonongeka kale.

Matireyi a mazira a nkhuku musawadalire, chifukwa dzira la pikoko ndi lalikulu ngati la nkhukundembo ndipo silikhazikika bwino m'menemo. Kulungani lililonse palokha ndi pepala lofewa, muliimike m'utuchi wouma kapena m'gaga, kosongoka pansi, mazira asagundane, ndipo katoniyo muilowetse m'katoni ina yokulirapo yothiridwanso utuchi m'mbali monse. Mukamaigwedeza pang'ono pasamveke kanthu koyenda. Chabwino koposa n'chakuti munthu wodalirika ainyamule pamiyendo, anyamuke m'mamawa, akhale mbali yopanda dzuwa.

Alamu anuwo akalandira asathamangire kuika m'makina. Mazira apume tsiku lathunthu ataima chomwecho kuti kathumba kaja kakhazikike, kenaka alowe pa kutentha kwa digiri 37.5 kwa masiku pafupifupi 28. Pakatha masiku 10 awaunike ndi tochi mumdima, ndipo dzira lamoyo lidzaonetsa timitsempha tofiira. Ngati magetsi amazimazima kumeneko, ndi bwino kuikira thadzi la nkhuku yachikuda limene langoyamba kumene kufungatira, mazira osapitirira 4, podziwa kuti lidzakhalira sabata imodzi kuposa masiku 21 a mazira ake.

Mphunzitsi wopuma, Kawale

Ndiwonjezere za chilolezo. Apikoko ndi mbalame zochokera ku India ndi ku Sri Lanka, si zachilengedwe cha kuno, choncho amene ali pafamupo ali ndi mwini wake ngakhale akugona kutchire. Pemphani kaye kwa mwini famu, ndiponso funsani alangizi a ziweto a kudera lanu za kayendetsedwe ka mazirawo, makamaka ngati kuli chitopa, kuti musatumize matenda kukhola la alamu anu.

Mlimi wa ku Mitundu

Zikomo kwambiri nonse. Tsopano ndakumbukira kuti mazira a chaka chatha aja ndidawatenga nditachita kuingitsa mayi wake pachisa, ali ofunda. Mwini famu wandilola kutola, ndipo amuna a michira yaitali alipo awiri. Dzulo ndalemba chizindikiro pa mazira akalewo n'kuwasiya, ndipo atsopano ndidzapita nawo ndekha ku Mzuzu Loweruka la sabata yamawa.